Tikumbukire Sukulu ya Jeanes ndi Amayi Ake

Chaka chakale chapita, chatsopano tachiona. Tiyamike Mulungu, pakuti si onse amene tinayamba nawo chaka chatha amene alowa nafe m'chaka chino. Mvula ikugwa, chimanga cha m'timinda tathu chikufuna khasu ndi feteleza, ndipo ana abwerera ku sukulu m'matumba mwa makolo mutauma chifukwa cha Khirisimasi.

Pa nyengo yotere anthu amakonda kunena zimene adzachite m'tsogolo. Ine lero ndafuna kuti tiyambe tacheuka kumbuyo. Ife a ku Area 25 tili ndi mwayi wokhala moyandikana ndi sukulu ya Boma yophunzitsa aphunzitsi, imene tonse timangoitchula kuti TTC. Anyamata ndi atsikana a pamenepo timakumana nawo m'maminibasi ndi pa msika wa Nsungwi, ena timapemphera nawo Lamulungu, ndipo mawa lomweli ndiwo adzagwire choko pamaso pa adzukulu athu. Koma ndi angati mwa ife amene anayamba adzifunsapo kuti ntchito imeneyi, ya Boma kusula aphunzitsi, inayambira kuti, nanga anaiyamba ndani? Nkhani yake ndi yoyenera tsamba lino, chifukwa amayi alimo kuyambira pachiyambi penipeni.

Kale, dziko lino likutchedwa Nyasaland, pafupifupi sukulu zonse zinali m'manja mwa mipingo, ndipo aphunzitsi ankaphunzitsidwa ndi amishoni omwewo: ku Khondowe, kumene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ya Livingstonia mu 1894, ku HHI ku Blantyre kuyambira 1909, kwathu kuno ku Nkhoma, ndi m'mishoni zina. Boma la atsamunda linkangoponyapo kandalama kochepa. Ofesi yoona za maphunziro linaikhazikitsa mochedwa, mu 1926, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu yakeyake yophunzitsa aphunzitsi ku Domasi, m'boma la Zomba, pa msewu wopita ku Liwonde. Sukuluyo anaitcha Jeanes Training Centre.

Ambiri akamva dzina la Jeanes amayesa kuti anali bwanamkubwa kapena mbusa wina wa ndevu zake. Iyayi amayi anzanga, Jeanes anali mayi.

Dzina lake lonse linali Anna T. Jeanes. Anabadwa mu 1822 mu mzinda wa Philadelphia ku America, m'banja lolemera la mpingo wa Quaker, mpingo umene unatchuka ndi kudana ndi ukapolo. Iye ndiye anali chitsirizira m'banjamo. Sanakwatiwe, ndipo abale ake onse atatha kumwalira chuma cha banja chinatsala m'manja mwake. Mayi wina akanamanga nyumba ya zipinda makumi awiri ndi kumasintha zovala katatu pa tsiku. Iye anamanga nyumba yosungiramo okalamba a mpingo wake, nakakhala momwemo pamodzi ndi okalamba anzake.

Ukapolo ku America unatha mu 1865, koma ana ndi adzukulu a akapolo aja, makamaka a kumidzi ya kumwera kwa dzikolo, ankaphunzira m'tisukulu tomvetsa chisoni: kachipinda kamodzi, denga lodontha, mphunzitsi mmodzi amene iye mwini sanapite patali ndi maphunziro. Anthu olemera a nthawi imeneyo ankakonda kuthandiza sukulu zikuluzikulu, kumene dzina la wopereka limalembedwa pa khoma anthu n'kumaliona. Mayi Jeanes anafuna zosiyana. Mu 1907 anapereka madola 1,000,000 nanenetsa kuti ndalamazo zipite ku tisukulu ting'onoting'ono ta kumidzi ta ana a anthu akuda. Mmodzi mwa amene anawasiyira udindo woyang'anira thumbalo anali Booker T. Washington, mphunzitsi wotchuka amene iye mwini anabadwira mu ukapolo. Chaka chomwecho, mwezi wa Sepitembala, mayiyo anamwalira ali ndi zaka 85. Zipatso za mtengo umene anabzala sanazilawe.

Tsono ndalama pazokha siziphunzitsa mwana. Panafunika munthu woti aonetse m'mene ndalamazo zingagwirire ntchito, ndipo munthuyo analinso mayi, koma uyu wakuda ngati inu ndi ine. Dzina lake Virginia Randolph, mwana wa makolo amene anali akapolo. Anapatsidwa kasukulu ka chipinda chimodzi m'dera la Henrico ku Virginia. Iye sanakhale pansi kudikira kuti akuluakulu adzamukonzere. Anasesa, anabzala mitengo ndi maluwa, anayenda khomo ndi khomo kucheza ndi makolo, ndipo pamodzi ndi kuwerenga ndi masamu anayamba kuphunzitsa ana kusoka, kuphika, kulima ndiwo zamasamba ndi kupala matabwa. Makolo ena poyamba sanakondwere nazo, poti anatumiza ana kukaphunzira za m'buku osati za pakhomo, koma mayiyo anapirira. Mu 1908 anasankhidwa kukhala mphunzitsi woyamba wolipidwa ndi thumba la Jeanes, ntchito yake kuyendera sukulu 23 za m'dera lake, kulangiza aphunzitsi anzake ndi kulimbikitsa makolo. Anagwira ntchito ya maphunziro mpaka mu 1949, namwalira mu 1958. Kuchokera kwa iye, aphunzitsi onse oyendera anzawo motere anayamba kutchedwa aphunzitsi a Jeanes, ndipo ambiri mwa iwo ku America kuja anali amayi.

Nanga nzeru imeneyi inaoloka bwanji nyanja kufika ku Domasi? Mu 1924 kunabwera gulu la akatswiri a maphunziro lotumidwa ndi bungwe la Phelps-Stokes la ku America, kudzaona sukulu za m'maiko a kuno kuvuma ndi pakati pa Africa, ndipo linafikanso ku Nyasaland. Mtsogoleri wake anali Dr. Thomas Jesse Jones, koma amene anthu akuda anamukumbukira kwambiri anali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Aggrey ndi uja amatchuka ndi chiphunzitso chakuti maphunziro a mwana wamkazi sathera pa iye yekha, amafalikira ku banja lonse ndi mtundu wonse. Gululo litaona tisukulu ta kumidzi, tambiri ta udzu ndi aphunzitsi osowa wowalangiza, linati njira ya Jeanes ingathandize. Sukulu yoyamba yotere mu Africa inatsegulidwa ku Kabete m'dziko la Kenya mu 1925. Kenaka zinatsegulidwa ku Domasi, ku Mazabuka m'dziko limene lero ndi Zambia, ndiponso ku Domboshawa ndi Hope Fountain m'dziko limene lero ndi Zimbabwe.

Apa ndinene chilungamo, kuti tisapatse mayi Jeanes ulemu wa eni ake. Ndalama zomangira ndi kuyendetsa sukulu ya ku Domasi zinachokera ku Boma ndi ku bungwe la Carnegie la ku New York. Mayi Jeanes anali atagona m'manda zaka 22, ndipo m'dziko muno sanapondemo. Chimene Domasi inatenga kwa iye ndi dzina, ndipo kwa Virginia Randolph inatenga kagwiridwe ka ntchito. Mkulu woyamba wa sukuluyo anali mbusa wa mishoni ya Blantyre, Rev. E. D. Bowman, ndipo malowo sanali achilendo kwa amishoni a ku Scotland, poti mishoni yawo ya Domasi inalipo kale kuyambira 1884.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ku Domasi sankalandira anyamata ongotuluka kumene m'kalasi. Ankafuna aphunzitsi odziwa kale ntchito, osankhidwa ndi mishoni zawo, ndiponso apabanja. Mwamuna ankapita ndi mkazi wake ndi ana omwe, nakhala kumeneko zaka ziwiri. Banja lililonse linkapatsidwa nyumba yake m'mudzi wa chitsanzo, ndi malo olimapo. Mwamuna ankaphunzira kaphunzitsidwe kabwino, ulimi, ntchito za manja ndi zaumoyo. Mkazi naye anali ndi maphunziro ake: kulera ana, ukhondo wa pakhomo, kuphika, kusoka, kusamala wodwala ndi kuthandiza amayi oyembekezera. Akamaliza ankabwerera kudera kwawo, mwamuna kumayendera sukulu za m'midzi, mkazi kumasonkhanitsa amayi anzake. Nyumba yawo inkayenera kukhala buku loti mudzi wonse uziwerenga. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawo anayamba kuitanidwa ku maphunziro a miyezi yowerengeka, ndipo iwonso ankapita ndi akazi awo.

Taganizani za mayi ameneyu. Mwina ndi wa kuno ku Lilongwe, kapena ku Dowa, kapena ku Mzimba. Wasiya munda wake, nkhokwe yake, amayi ake ndi abale ake onse, m'masiku amene ulendo wa ku Zomba unali ulendo weniweni, osati wa lero wokwera basi m'mawa n'kukadya nsima ya masana komweko. Wafika pakati pa amayi a zilankhulo zina ndi mipingo ina, mwana kumsana, wina m'manja. M'mawa asese, atunge madzi, aphikire bambo, kenaka akakhale pansi aphunzire, ndipo nthawi ina iliyonse aphunzitsi angathe kulowa m'nyumba mwake kudzaona ngati mbale zili zotsuka. Ndani wa ife angakondwere kuti mlendo azimuvundukulira miphika?

Koma zovuta zenizeni zinkamudikira kwawo. Inu amene munayesapo kutsogolera gulu la amayi mukudziwa. Kuuza mayi mnzako, wamkulu kuposa iwe, amene wabereka ana asanu ndi atatu, kuti madzi a mwana aziyamba awira, kapena kuti pakhomo pafunika chimbudzi, dzenje la zinyalala ndi thandala la mbale, si nkhani yamasewera. Amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ukatembenuka umamva kuti, “Wapita ku Zomba dzana lomweli, lero akudziyesa mzungu.” Ine mawu otere ndinawamvapo ndi makutu anga m'masiku ano a wailesi ndi mafoni. Nanga kalelo, pamene kunalibe sikelo ya ana pafupi, kunalibe alangizi a zaumoyo okuikira kumbuyo, kunali kotani? Mayi ameneyu analibe ofesi, analibe yunifolomu. Chida chake chinali khomo lake losesa ndi ana ake onenepa.

Komabe tikamva mbiri ya sukuluyi timamva maina a abusa, a akuluakulu a Boma ndi a mabungwe a kunja. Amayi aja amangotchulidwa ndi mawu awiri okha, “akazi awo”. Theka la ophunzira a pa sukulu yonse, dzina lawo n'kukhala “akazi awo”! Zimenezi zimandiwawa mumtima, chifukwa ntchito imene ife timagwira m'magulu mwathu lero, ya kusoka, kuluka, kuphika phala la nsinjiro ndi kuyendera odwala, ine ndimaiona kuti ndi mdzukulu wa ntchito yawo. Amayi a mvano ndi a chigwirizano m'mipingo anaigwira mbali yawo, alangizi a ntchito za amayi ophunzitsidwa ku Magomero anaigwira mbali yawo, koma njira yotuma mayi kukaphunzitsa amayi anzake pakhomo pawo, amayi a ku Domasi ndi ena mwa amene anailambula.

Sindikunena kuti zonse za sukulu ya Jeanes zinali zokoma. Anthu ophunzira a mtundu wathu, ngakhale a ku America komwe, anaona msanga kuti maphunziro oterewa akanatha kukhala chingwe chomangira munthu wakuda kumudzi, kuti adziwe khasu ndi singano koma asalote za udokotala kapena za malamulo. Ndipo kudandaula kwawo kunali ndi maziko. Boma lomwe linatsegula Domasi mu 1929 silinafulumire ndi sukulu za sekondale. Yoyamba m'dziko muno, ya Blantyre, inadza mu 1940, ndipo Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, titalandira kale ufulu. Kwa mwana wamkazi chingwecho chinali chachifupi koposa. Mwamuna ankaphunzira kuti akhale woyendera sukulu, mkazi ankaphunzira kuti akhale mkazi wabwino wa woyendera sukulu. Pakati pa amayi aja panali ena a mitu yakuthwa amene akanatha kuyendetsa sukulu yonseyo, monga anachitira Virginia Randolph kwawo, koma khomo limenelo silinawatsegukire.

Ine ndinalekezera sukulu ku pulayimale. Ndalama za fizi kwathu zinkakwanira mwana mmodzi, ndipo mwanayo anali mlongo wanga. Motero ndikamanena za chingwe chachifupi ndikunena chinthu chimene ndikuchidziwa kulemera kwake. Koma sindilola kuti atsikana athu a masiku ano, amene afika ku sekondale ndi ku koleji, aziseka maphunziro a agogo awo. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Madzi owiritsa aja anapulumutsa ana ku matenda otsegula m'mimba. Mwana amene sanafe ali wakhanda ndiye anakula n'kukhala mphunzitsi, namwino kapena mbusa. Wina wa inu amene mukuwerenga pano muli moyo chifukwa agogo anu anamvera mayi wina amene anzake ankamunena kuti akudziyesa mzungu.

Dzina la Jeanes linazimirira pang'onopang'ono, koma Domasi sinasiye kukhala mudzi wa maphunziro. Kumeneko ndi kumene kuli Malawi Institute of Education, bungwe limene linayamba ntchito mu 1982 ndipo limakonza zimene ana a pulayimale amaphunzira. Madzulo ano tatengani buku la Chichewa kapena la masamu la mwana wanu, mutsegule tsamba loyamba, mudzaona dzina la Domasi litalembedwa. Komwekonso kuli Domasi College of Education, imene inatsegulidwa mu 1993 kuti iziphunzitsa aphunzitsi a sekondale. Ndipo lero mtsikana amalowa ku Domasi, kapena pa TTC yathu ino, m'dzina lakelake, osati monga katundu wa mwamuna. Satifiketi imatuluka ndi dzina lake, malipiro amalandira yekha. Mu 2029 zidzakwana zaka 100 chitsegulire sukulu ya Jeanes. Akuluakulu akadzakonza mwambo, ndikupempha kuti pa ndandanda wa okumbukiridwa amayi aja asadzakhalenso “akazi awo”.

Koma tisaloze chala akuluakulu okha, pakuti matenda omwewa ali m'magulu mwathu. Mwezi wathawu, pamene tinali kugawana ndalama za banki mkhonde, ndinafunsa amayi a gulu lina kuti gulu lawo analiyamba ndani. Panali amayi oposa makumi awiri, ndipo amene anayankha anali awiri okha, nawonso anatsutsana. Gulu la zaka zosakwana makumi atatu! Amene analiyamba ena anasamukira kumudzi amuna awo atapuma ntchito ku Kanengo, ena anatisiya. Makina osokera amene anagula ndi ndalama zogulitsa zitumbuwa ndi mandasi alipo, tikusokerabe, koma maina a ogulawo atsala pang'ono kutayika. Mabuku athu timalembamo ngongole, chiwongoladzanja ndi chindapusa cha ochedwa. Tikudziwa bwino lomwe amene sanabweze K5,000, koma amene anayala mkeka woyamba pansi pa mtengo tamuiwala.

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo malo ambiri amene tikukhala ano anakula m'zaka zimenezo. Kutanthauza kuti ena mwa amayi amene anafika kuno koyambirira, kukali tchire ndi minda, akalipo pakati pathu. Ndi aja amakhala pa khonde masana, maso atayamba kuchita mdima, ife n'kumangowapatsa moni tikuthamangira ku msika. Iwo ndiwo akudziwa amene anayambitsa kalasi yoyamba ya kusoka, amene anatsogolera amayi kuumba njerwa za sukulu ya pulayimale imene ana athu akuphunziramo, amene ankaperekeza amayi apakati usiku chipatala chisanayandikire. Chaka chilichonse mvula ikamatha timapeza kuti ena mwa iwo palibe.

Tsono pempho langa la chaka chino ndi laling'ono, losafuna thandizo la mabungwe a kunja. Gulu lililonse ligule kope limodzi la chikuto cholimba, losiyana ndi la msungichuma. Mlembi ndi mayi wina mmodzi apite kwa amayi achikulire aja, atanyamula kashuga ndi sopo monga mwa ulemu wathu, akakhale pansi osafulumira. Akafunse kuti gulu linayamba chaka chanji, pakhomo pa yani, analipo ndani, anayamba ndi chiyani. Polemba, lembani dzina la mayiyo lenileni ndi la kwawo kumene anabadwira, kenaka ndiye muonjezere la amuna awo. Tikangolemba kuti “Mayi a uje” kapena “akazi a a uje”, tabwereza zomwe zija za ku Domasi. Ngati pali chithunzi, chimatidwe momwemo. Amene muli ndi ana a sekondale, atengeni akakulembereni, kuti nawonso amve ndi makutu awo.

Ndipo ngati alipo wina mwa owerenga amene agogo ake kapena amayi ake anakhalako ku sukulu ya Jeanes, kaya monga mkazi wa mphunzitsi kaya monga mkazi wa mfumu, chonde lemberani kalata tsamba lino. Tiuzeni dzina lawo, mudzi wawo, mishoni imene inawatuma ndi zimene ankakusimbirani za kumeneko, ngakhale zazing'ono, monga m'mene ankaphikira kapena nsalu imene anaphunzira kusoka. Banja likavomera, tidzasindikiza maina amenewo pano mmodzimmodzi.

Atsogoleri a magulu a kuno ku Area 25, wa Sekita A, B ndi C, tidzakumana Lachinayi lachiwiri la mwezi uno, 2 koloko masana, pa malo athu a nthawi zonse. Aliyense abwere ndi kope lija ndi cholembera, ndiponso maina a amayi achikulire atatu a m'dera lake oti tiyambire kuwayendera. Kukagwa mvula tidzalowa m'kalasi, choncho musaleke kubwera.